Kukonza galimoto yakale yogonamo: injini isawire, inunso musapse m'kati

Kuseri kwa mipanda ya ku Hatfield, Waterfalls ndi Greendale mumzinda wa Harare kukupezekabe magalimoto ogonamo amene anaima kalekale: VW Kombi yokwezedwa denga, Jurgens Autovilla yopangidwa ku South Africa, Toyota HiAce kapena Coaster imene wina anazulamo mipando n'kuikamo bedi ndi kabati. Kwa ife amene abale athu ali kutsidya kwa Mwanza, kuyenda ndi nyumba yako kudzera ku Nyamapanda ndi Tete n'kosiririka ndithu. Chimene chimagwetsa anthu n'chakuti amayambira kumapeto. Ndalama zoyamba zimathera pa aircon ndi makatani, ndiye tsiku la ulendo galimoto ikuwira musanafike n'komwe pa Mutoko.

Dongosolo lake ndi ili: injini, denga, mpweya, firiji ndi magetsi, aircon, ndipo mipando pomalizira. Aircon ndaiika pafupi ndi mapeto mwadala, chifukwa kutentha kwambiri kumene mukufuna kuthana nako mungakutsekereze kusanalowe.

Musanamasule kanthu

Yerekezani nambala ya chassis ndi ya injini ndi zimene zalembedwa m'buku la galimoto. Magalimoto akale ambiri anasinthidwapo injini, ndipo ngati kusinthako sikunalembedwe ku CVR, ofesi yolembetsa magalimoto, mudzavutika ku VID, kumene amayeza magalimoto, komanso pachipata cha malire. Kenako pezani kachitsulo kolembedwa GVM, komwe kamanena kulemera kumene galimotoyo siiyenera kupyola itanyamula zonse. Ikayamba kuyenda, kaiyezetseni pasikelo ya magalimoto ilibe katundu. Zimene zatsala pakati pa manambala awiriwo ndiye malo a anthu, madzi, mabatire, gasi ndi matabwa anu onse.

Jambulani chilichonse pafoni musanachichotse, makamaka mawaya. Tulutsani matiresi, kapeti ndi makabati, ndipo yembekezani kupeza zisa za makoswe, mphemvu, mwinanso chiswe ngati matayala anaphwera pa dothi. Valani chophimba mphuno. Zotchingira kutentha za pafupi ndi injini kapena chitofu, ndiponso mabuleki akale, nthawi zina zimakhala za asbestos. Zinyowetseni musanazigwire, osazipala ndi makina, osazipemerera ndi mpweya.

Injini

Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera panyanja yamchere. Pamwamba chonchi madzi osavundikira amawira pa madigiri 95, osati 100, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 15 pa 100 iliyonse chifukwa mpweya ndi wopepuka. Mumaponda mafuta kwambiri kuti mukoke nyumba yonseyo, injini n'kumatentha. Mukatsikira ku Tete kapena ku Kariba mphamvu imabwerera, koma kunja kumadutsa madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Galimoto iyenera kupirira zonse ziwirizi.

Injini ili yozizira, tsegulani chivundikiro cha rediyeta muone madzi. Akakhala ofiirira, mwiniwake wakale ankathira madzi a pampopi kapena a pachitsime, ndipo m'kati muli dzimbiri ndi laimu. Tsegulaninso pothirira oilo. Phala loyera pachivundikiro, kapena thovu lotuluka mosalekeza m'rediyeta injini ikamalira, zimaloza gasiketi ya pamutu wa injini. Musangokhulupirira maso okha. Makaniko ali ndi pampu yoyezera ngati madzi akuthawa, komanso timadzi tabuluu timene timasintha mtundu utsi wa injini ukamalowa m'madzi. Gasiketi ikakhala yopsa yambani ndi imeneyo, mutu wa injini ukayezedwe ngati sunapindike, chifukwa rediyeta yatsopano siichiza vuto limeneli.

Rediyeta ichotsedwe ndithu, osangoitsuka ili pomwepo. Yakale ya mkuwa musaitaye pofuna ya pulasitiki yonyezimira. Amisiri a marediyeta a m'madera a mafakitale monga Graniteside ndi Southerton amatha kuisungunula m'mbali, n'kutokosa timapaipi tonse kapena kuikamo pakati patsopano. Ngati malo alipo, pemphani mizere itatu ya timapaipi m'malo mwa iwiri. Ndalama imeneyi ndi imene imabweza phindu kuposa ina iliyonse pantchito yonseyi.

Mapaipi a rabala sinthani onse nthawi imodzi, kuphatikizapo ang'onoang'ono opita ku hita, omwe amaiwalika mpaka tsiku limene aphulika. Gwedezani gudumu la pampu ya madzi: likamagwedera kapena pansi pake pakaoneka mzere wa madzi ouma, pampuyo yatha. Yang'ananinso ma welch plug, tizitsekero tachitsulo totseka njira za madzi m'mbali mwa injini. Amadyeka kuchokera m'kati, ndiye kunja amaoneka abwino mpaka atabooka.

Tsopano nkhani ya thermostat, kavavu kamene kamatsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikafunda. Amakaniko ambiri kuno amaichotsa, amati ndi ya kumayiko ozizira. Makaniko wanu akanena zimenezi, muuzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, ibwerere m'malo mwake." Popanda thermostat injini imachedwa kufunda m'mamawa wa Juni, imamwa mafuta ndi kudyeka msanga. Choipa kwambiri n'chakuti pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini. Ikachotsedwa, gawo lina la madzi limangozungulira m'katimo osafika ku rediyeta. Gulani yatsopano ya madigiri amene wopanga analemba, nthawi zambiri pakati pa 82 ndi 88, ndipo iyeseni mumphika wa madzi otentha muone ikutseguka musanaimange.

Chivundikiro cha rediyeta n'chotchipa koma ntchito yake ndi yaikulu. Chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka atadutsa madigiri 110. Sipuling'i yake ikafooka mwabwerera ku madigiri 95 aja. Gulani cha nambala yofanana ndi chakale, kaya 0.9 kaya 1.1, osakwezera dala, chifukwa mungaphulitse hita.

Fani ya viscous, imene imagwira mwamphamvu pokhapokha injini ikatentha, iyeseni injini itatentha ndipo mwaizimitsa: mukaikankha ndi dzanja izilimba. Ikamazungulira mopepuka yatha. Chikombole chozungulira fani chikasowa, kachifuneni ku msika wa zitsulo wa Magaba ku Mbare kapena owotcherera zitsulo akupangireni, chifukwa popanda icho fani imangokoka mpweya wa m'mbali osadutsa m'rediyeta, ndipo mudzaziona pamzere wa pachipata cha malire galimoto ikungolira pamalo amodzi. Fani ya magetsi yowonjezera ndi yabwino, bola ikhale ndi relay ndi fyuzi yakeyake.

Pothira madzi, sakanizani antifreeze ndi madzi a batire (distilled water, osati asidi) theka ndi theka. Sitiithirira kuzizira ayi, timaithirira dzimbiri. Musasakanize mitundu iwiri yosiyana. Eni VW T3, Kombi yozizira ndi madzi, imene ku South Africa inapangidwa mpaka 2002, akumbukire kuti injini ili kumbuyo pomwe rediyeta ili kutsogolo, ndipo mapaipi ake amanyamula malita oposa 15. Mpweya umatsalira m'njira. Kwezani mphuno ya galimoto, injini ikulira, n'kumasula kabawuti ka pamwamba pa rediyeta mpaka madzi azituluka opanda thovu.

Kombi yakale yozizira ndi mpweya ilibe zonsezi, koma ili ndi zake. Malata onse ozungulira injini akhalepo, ngakhale kakang'ono kamene makaniko anati n'kosafunika, ndipo rabala yotseka pakati pa injini ndi thupi la galimoto ikhale yathunthu. Ikang'ambika, fani imayamwanso mpweya wotentha wa pansi. Mavavu a injini ya 1600 amatcheredwa pa mamilimita 0.15 injini ili yozizira. Nyale yofiira ya jenereta ikayaka m'njira imani pomwepo, chifukwa lamba amene amayendetsa jenereta ndi yemweyo amene amazunguza fani.

Chomaliza pa injini: ikani kabelu kolira madzi akatsika. Geji ya kutentha imayeza madzi, ndiye madziwo akatayika onse singano imatha kukhala phee pamene injini ikupsa. Pa HiAce, pomwe injini ili pansi pa mipando, sinthaninso rabala ya chivundikiro cha injini n'kumata chotchingira kutentha kunsi kwake. Kutentha kwambiri kwa kutsogolo kumachokera pamenepo, ndipo utsi umaloweranso pomwepo.

Denga

Galimoto yoima padzuwa ili ngati nyumba ya malata yopanda siling'i, choncho ntchito ya m'kati imayambira pamwamba. Ichitike mvula isanayambe mu Novembala. Wina akhale m'kati ndi tochi, wina azithira madzi ndi paipi kuyambira m'munsi kukwera pang'onopang'ono, kuti mudziwe pamene padontha poyamba. Malo okayikitsa ndi m'mphepete mwa mawindo, polumikizira denga ndi makoma, ndi paliponse pamene panaboolapo sikulu.

Silicone ya m'bafa musaiyandikize. Imamatuka padzuwa, penti saigwira, ndipo ina imadyetsa chitsulo dzimbiri. Mawindo ndi zivundikiro za padenga zichotsedwe, zipalidwe, zibwezeredwe pa tepi ya butyl, ndipo m'mizere muikidwe chomatira cha polyurethane monga Sikaflex. Magalimoto omangidwa ngati karavani amakhala ndi mafelemu a matabwa pansi pa aluminiyamu. Bayani ndi sikuludiraiva m'makona ndi pansi pa mawindo. Pamene yalowa mosavuta pawola, ndipo thabwalo lidulidwe mpaka pamene pali polimba. Dzimbiri la pachitsulo lipalidwe mpaka kuwala, pobooka pawotcheredwe chigamba, osati kupaka body filler. Powotcherera chotsani batire, silinda ya gasi ndi chilichonse choyaka cha kuseri kwa khomalo.

Denga lipakidwe penti yoyera, ngakhale thupi mulikonde la mtundu wanji. Ikani dzanja pa galimoto yoyera ndi yakuda masana a Okutobala, simudzafunsanso chifukwa. Kenako tengerani nzeru ya Land Rover zakale za safari roof, zimene zinali ndi denga lachiwiri pamwamba, mpweya n'kumadutsa pakati. Mapanelo a sola omangidwa motalikira masentimita 5 kapena kuposerapo kuchokera padenga amagwira ntchito yomweyo: amachita mthunzi, ndipo nawonso amapereka magetsi ambiri akamapitidwa mphepo kunsi.

M'kati mwa denga ndi makoma matani siponji yosamwa madzi, ya mtundu wa Armaflex, yokhuthala mamilimita 19 kapena 25, igwire chitsulo popanda mpata. Ubweya wagalasi umasunga chinyontho n'kuoletsa chitsulo mwakachetechete. Polystyrene ndi yotchipa koma imalira m'njira ndipo imawononga chikopa cha mawaya a PVC ikakhudzana nawo. Pepala lonyezimira limene amayala pansi pa malata limathandiza pokhapokha patsogolo pake pali mpata wa mpweya. Likapanikizika pakati pa chitsulo ndi thabwa, mwataya ndalama. Malo ake abwino ndi pamawindo: dulani zidutswa zokwana windo lililonse, ndipo cha galasi la kutsogolo chizivalidwa kunja.

Mpweya uziyenda

Mpweya wotentha umakwera, ndiye upatseni potulukira. Fani ya padenga ya 12V, imene imalowa pabowo la masentimita 36 kapena 40 mbali zonse, imadya ma amp awiri kapena atatu ikathamanga kwambiri, ndipo usiku pa liwiro lochepa siifika ngakhale imodzi. Iikeni pamwamba pa chitofu, izitulutsa mpweya kunja. Windo lotsegula likhale la pafupi ndi bedi, ena onse otseka, kuti mphepo idutse pathupi panu popita ku fani. Mukatsegula mawindo onse fani imangokoka mpweya wa windo loyandikana nayo. Podula denga musadule nthiti zake, ndipo m'mphepete mwa bowo mupake penti musanamange.

Bowo lililonse likhale ndi sefa ya udzudzu. Ku Harare malungo si nkhani yaikulu, koma ku Kariba, ku Tete ndi kunyanja kwathu ndi nkhani ina. Onjezani kafani kakang'ono kumutu kwa bedi ndi chinsalu cha mthunzi kumbali ya chitseko. Makina ozizitsa ndi madzi amathandiza m'chilimwe mpweya ukakhala wouma, koma mvula ikangoyamba amangowonjezera chinyontho.

Firiji, gasi ndi magetsi

Magalimoto ambiri akale ali ndi firiji yoyendera gasi, 12V kapena magetsi a m'nyumba. Ilibe kompresa, imaziziritsa potenthetsa ammonia, choncho imafuna galimoto iime mowongoka, ndipo kunja kukadutsa madigiri 32 imayamba kufooka. Mukamva fungo la ammonia kapena mukaona ufa wachikasu kuseri kwake, yatha. Ikakhala yamoyo, tsukani poyakira moto ndi chumuni chake, tsekani mipata yonse kuti kutentha ndi utsi wa kuseri zisalowe m'nyumba, ndipo ikani kafani ka kompyuta pabowo la pamwamba kuti kazikankhira mpweya kunja. Kwa munthu wopita kotentha, ine ndingasankhe firiji ya kompresa ya 12V monga Engel kapena National Luna. Ndi yodula, koma siisamala za chitunda.

Paipi ya gasi ya rabala isinthidwe pamodzi ndi regulator, ndipo polumikizira ponse payesedwe ndi thovu la sopo, osati machesi. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, ndiye kabati ya silinda ikhale yotsekeka kumbali ya m'nyumba, ndi bowo pansi lotulukira kunja. Gasi wa m'mbali mwa msewu adzazidwe pasikelo inu mukuona, chifukwa silinda yodzaza mopyola ndi yoopsa ikatenthedwa. Poyenda ndiponso pomwetsa mafuta, silinda ikhale yotseka. Gulani alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo wochokera ku moto, ndipo mbaula isalowe m'galimoto ngakhale Julayi atazizira bwanji.

Magetsi awerengereni papepala. Firiji ya kompresa ya malita 40 imadya ma amp-hour 30 mpaka 40 patsiku kukatentha, mafani 15 kapena 20, nyale za LED ndi mafoni pang'ono. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 60. Batire ya asidi ya 100Ah imakupatsani theka lokha ngati mukufuna ikhalitse, pomwe ya lithium ya LiFePO4 imapereka pafupifupi yonse ndipo ndi yopepuka. Mapanelo a mawati 200 amabweza zimenezi tsiku la dzuwa, koma 300 amakupatsani mpata wa mitambo. Chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi a ZESA, kampani ya magetsi ya ku Zimbabwe, zipangizo za sola zili ponseponse m'tauni, zabwino ndi zabodza zomwe. Batire yopepuka modabwitsa poyerekeza ndi nambala yolembedwapo isiyeni.

Batire ya m'nyumba isiyane ndi yolizira injini. Ngati ndi ya lithium, pakati pake paikidwe DC-DC charger, kachipangizo koletsa batire kukoka magetsi mopyola muyeso, chifukwa alternator yakale ya ma amp 35 kapena 55 ingapse poidyetsa mwachindunji. Fyuzi yaikulu ikhale pafupi penipeni ndi batire. Mawaya akhale ofewa a timawaya tambirimbiri, osati olimba a m'nyumba amene amathyoka ndi kugwedera, ndipo podutsa pachitsulo pakhale rabala. Mbali ya 220V isiyireni wamagetsi wodziwa, ndipo aikepo earth leakage, switchi yodula magetsi yokha akayamba kuthawira kuthupi la galimoto kapena la munthu.

Nanga aircon?

Pali mitundu iwiri. Ya injini, yogwira poyenda, ngati ndi ya galimoto yopangidwa chaka cha 1994 chisanafike mwina inkayendera gasi wa R12, amene analetsedwa potsatira pangano la Montreal la 1987. Kusinthira ku R134a sikungopopera gasi watsopano. Mapaipi atsukidwe, oilo wa kompresa asinthidwe, drier ndi timarabala tonse zikhale zatsopano. Dziwaninso kuti condenser, karediyeta ka aircon, imakhala kutsogolo kwa rediyeta n'kumaipumira mpweya wotentha, choncho musaibwezeretse injini isanatsimikizike.

Ya padenga, yogwira mutaima, imadya mawati 1,000 kapena kuposa. Batire ya lithium ya 100Ah ija imaimaliza mu ola limodzi ndi mphindi zochepa. Imafuna magetsi a pamalo ogona kapena jenereta, imalemera makilogalamu 30 kapena kuposerapo pamwamba penipeni pa galimoto, ndipo denga lakale limafunika kulimbitsidwa kaye. Ngati muzigona kwambiri ku Nyanga, ku Chivero kapena pakhomo pa abale ku Dedza, denga loyera ndi fani zikukwanirani. Ngati ndinu msodzi wa ku Kariba wa mwezi wa Okutobala, iguleni, koma muzigona pamene pali soketi.

M'kati

Apa ndiye posangalatsa, ndipo sipovuta. Pansi yalani plywood ya mamilimita 12 yopakidwa vanishi mbali zonse, pamwamba pake vinyl ya chinsalu chimodzi. Kapeti imasunga fumbi ndi fungo. Makabati akale ngati ali olimba asungeni, muwapale n'kuwapaka penti yowala. Atsopano apangidwe ndi plywood ya mamilimita 9 kapena 12 pa felemu ya paini. Akalipentala a ku Glen View Area 8 ntchito amaitha, koma anazolowera chipboard, yomwe ndi yolemera, imafufuma ikanyowa ndipo masikulu amazuka m'mabampu. Auzeni poyambirira, ndipo muwatengere galimotoyo, chifukwa makoma ake si owongoka ndipo miyeso ya pafoni siikwana.

Zolemera zonse, thanki ya madzi, mabatire ndi zitsulo, zikhale pansi ndiponso pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Kabati iliyonse imangidwe ndi mabawuti ku nthiti za galimoto, zitseko zake zikhale ndi zokowera, ndipo mpando uliwonse wokhalapo munthu poyenda ukhale ndi lamba womangidwa kuchitsulo, osati kuthabwa.

Matiresi akhale a siponji yolimba ya masentimita 10, pansi pake timatabwa totalikirana kapena thabwa loboolaboola kuti thukuta liziuma. Nsalu ya thonje kapena kanivasi imaposa chikopa cha pulasitiki, chomwe chimamata pamsana. Chitenje chimakongola pamakatani, koma chisokereni nsalu yoyera kumbali ya dzuwa, apo ayi chisuluka chisanathe chaka.

Kuiyesa

Dzazani thanki ya madzi, kwezani katundu yense, mubwerere pasikelo paja. Onaninso zaka za matayala: manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi DOT m'mbali mwa tayala amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo tayala la zaka zoposa 6 lisinthidwe ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Ulendo woyamba ukhale waufupi, wa ku Lake Chivero pamsewu wa ku Bulawayo. Mukafika isiyeni ikulira mphindi 20 muone ngati fani ikugwira, mugone komweko, m'mawa muyang'ane pansi ngati padontha kanthu ndiponso mumangitsenso zomangira mapaipi.

Wachiwiri ukhale wa chitunda, monga Christmas Pass polowa mu Mutare, masana dzuwa lili pamutu. Singano ikayamba kukwera tsikirani giya yotsika kuti fani ndi pampu zithamange, zimitsani aircon, tsegulani hita mpaka kumapeto kuti ichotseko kutentha kwa injini. Ikapitirirabe imani, ndipo chivundikiro cha rediyeta musachigwire mpaka paipi ya pamwamba itazizira moti n'kufinyika ndi dzanja. Pa ulendo wa ku Nyamapanda nyamulani lamba wa fani, mapaipi awiri aakulu a rediyeta, thermostat ndi gasiketi yake, malita 10 a madzi osakaniza kale, chozimitsira moto ndi matirayango awiri. Nyamukani m'bandakucha kuti chigwa cha Zambezi mukachidutse dzuwa lisanafike pamutu.